Kusagona Tulo ndi Maginito: Kodi N'zochiza Matenda a Kukhumudwa?

Pa doko la Kachulu tsiku limayamba kusanache. Asodzi amene achezera usiku wonse pa nyanja ya Chilwa amakocheza mabwato awo, amayi ogula matemba ndi milamba amakhala atafika kale ndi mabeseni, ndipo a ulendo wa ku Chisi amadikira bwato lowaolotsa. Anthu a kuno amadziwa bwino kuti kusagona n'chiyani. Msodzi amachezera pa madzi, mlonda amachezera pa khonde la sitolo, mayi wa khanda amachezera ndi mwana wolira, ndipo mudzi wonse umachezera pa siwa kukagwa maliro. Palibe amene amayesa kuchezera koteroko mankhwala. N'chifukwa chake ambiri angadabwe kumva kuti m'zipatala zina za ku Ulaya madokotala amachiza matenda a kukhumudwa pomuletsa wodwala kugona usiku wathunthu, ndi kuti ena amachiza matenda omwewo poika maginito amphamvu pamutu pa wodwalayo.

Nkhani ziwirizi n'zoona, koma zikamafika kumudzi kudzera pa wailesi kapena pa foni zimafika zoduka mutu ndi mchira. Nkhani yoduka ikhoza kupweteketsa munthu. Wina atha kukakamiza m'bale wake wodwala kuti asagone, wina atha kugulitsa mbuzi kuti agule chibangili cha maginito kwa wamalonda. M'poyenera tsono kufotokoza bwino njira ziwirizi, ndi kunena mosabisa kuti palibe ndi imodzi yomwe yoyenera kuyesedwa kunyumba. Munthu wa kwa Mwambo, kwa Kuntumanji kapena kwa Mkumbira sakuvutika chifukwa chosowa makina a ku Ulaya ayi. Chimene chikumuvutitsa kwambiri n'chakuti matenda ake sakudziwika, pamene chithandizo chake chilipo kale m'boma lomwe lino la Zomba.

Matenda ake ndi otani?

Munthu aliyense amamva chisoni. Nyanja ya Chilwa itaphwa mu 1968, mu 1995 ndiponso mu 2018, mabanja ambiri anasowa pogwira, mabwato anakhala pa matope ouma ndipo ngongole zinatsala zosabwezedwa. Namondwe wa Freddy atagwetsa nyumba ndi kukokolola mbewu mu Malichi 2023, anthu analira. Chisoni chotere n'chachibadwa, ndipo mwa anthu ambiri chimatha pang'onopang'ono pamene moyo uyambanso kuyenda. Koma mwa ena sichitha. Chimakhazikika, nichisanduka matenda amene madokotala amalemba m'buku la kuchipatala ndi dzina la Chingerezi lakuti depression. Kumudzi amangoti munthuyo "ali ndi maganizo" kapena "akuganiza kwambiri".

Zizindikiro zake n'zodziwika. Munthu amakhala wosakondwa pafupifupi tsiku lonse, tsiku ndi tsiku, kwa milungu iwiri kapena kuposerapo. Zimene ankazikonda sizimukomeranso, kaya ndi bawo, mpira, kwaya kapena macheza a pa mjigo. Chakudya sichilowa, thupi limafooka, ukonde umang'ambika osausoka ndipo munda wa mpunga umamera udzu. Amadziona ngati wachabechabe ndi wolemetsa anzake, ndipo ena amafika poganiza zodzipha. Tulo nato timasokonezeka. Ambiri amadzidzimuka tambala woyamba asanalire, osagonanso mpaka kucha, ndipo m'mawa ndiyo nthawi imene mtima umawalemera koposa.

Matendawa si achilendo. Mu 2023 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linanena kuti anthu pafupifupi 280 miliyoni ali nawo. Kuno ku Zomba kunachitika kafukufuku pa chipatala cha Matawale, ndipo zotsatira zake anazisindikiza a Michael Udedi mu 2014 m'magazini ya madokotala ya Malawi Medical Journal. Mwa anthu 100 aliwonse obwera kudzalandira chithandizo, pafupifupi 30 anapezeka ndi matenda a kukhumudwa, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene matenda akewo anazindikirika m'chipinda choonera odwala. Chifukwa chake n'chosavuta kuchimvetsa. Wodwala akalowa amatchula mutu, msana, kutentha kwa thupi kapena kugunda kwa mtima. Mzere panja umakhala wautali. Amayezedwa malungo, napatsidwa panado, nabwerera kwawo ndi katundu wake yense wa mumtima.

Kuchiza pomuletsa wodwala kugona

M'zaka za m'ma 1960 dokotala wina wa ku Tübingen m'dziko la Germany, dzina lake Walter Schulte, anamva kwa odwala ake ena kuti akachezera usiku wonse, kutacha amapezako bwino. Mu 1971 madokotala awiri, Burkhard Pflug ndi Rainer Tölle, anayesa njirayi mwadongosolo nalemba zimene anapeza. Kuyambira pamenepo yakhala ikuyesedwa m'maiko ambiri.

Kachitidwe kake n'kotere. Wodwala amagonekedwa m'chipatala. Akadzuka m'mawa samagonanso usana wonse, usiku wonse ndi usana wa tsiku lotsatira, ndiye kuti amakhala maso maola pafupifupi 36. Njira ina yopepukirapo ndiyo yakuti agone madzulo, adzutsidwe cha m'ma 2 koloko usiku, akhale maso mpaka madzulo ena. Usiku wonsewo anamwino amakhala naye m'chipinda chowala, kucheza naye, kuyenda naye ndi kumuyang'anira kuti asaodzere. Akatswiri amaganiza kuti kuchezerako kumagwedeza dongosolo la m'thupi limene limalamulira nthawi yogona ndi yodzuka, dongosolo limene limakhala litasokonezeka mwa munthu wokhumudwa.

Zotsatira zake n'zodabwitsadi. Mu 2017 akatswiri a pa University of Pennsylvania ku America anasonkhanitsa zofufuza 66 za njirayi, napeza kuti mwa odwala 100 aliwonse, 45 mpaka 50 amapeza bwino, kawirikawiri pasanathe tsiku limodzi. Mankhwala akumwa satero, amatenga milungu. Munthu amene dzulo sankafuna kuyankha moni akhoza kuyamba kuseka ndi kupempha chakudya.

Koma nkhaniyo siithera pamenepo. Kale mu 1990 a Joseph Wu ndi a William Bunney anaonetsa kuti mwa odwala amene anapeza bwino koma sanali kumwa mankhwala, oposa 80 pa 100 aliwonse matenda anawabwerera atangogona usiku umodzi. Ena anawabwerera atangoodzera kanthawi kochepa masana. Kuchezera kotereku kuli ngati kukapa madzi m'bwato lobooka. Bwato limapepuka ndithu, koma chibowo chikadalipo, ndipo wokapayo akangopumula madzi amadzazanso. N'chifukwa chake zipatala zimene zimagwiritsa ntchito njirayi siziigwiritsa payokha. Pa chipatala cha San Raffaele mu mzinda wa Milan ku Italy, a Francesco Benedetti ndi anzawo amachezetsa wodwala katatu pa mlungu umodzi, namupatsanso mankhwala otchedwa lithium ndi kumuika pa kuwala kwamphamvu m'mawa, kuti phindu la kuchezerako likhalitse.

Chifukwa chake sikoyenera kuyesa kunyumba

Wina anganene kuti njira yosalira ndalama ngati imeneyi ndiyo yoyenera anthu osauka. Maganizo amenewa ndi omveka, koma pali zifukwa zinayi zowakanira.

Choyamba ndi khunyu. Kusagona ndi chimodzi mwa zinthu zodziwika bwino zimene zimagwetsa munthu wa matenda akugwa. M'midzi ya m'mbali mwa nyanja, m'mene anthu amakhala pafupi ndi madzi ndi moto wowambira nsomba, kugwa kumodzi kukhoza kutha ndi maliro.

Chachiwiri, pali odwala ena amene matenda awo ali ndi mbali ziwiri. Nyengo ina amakhala okhumudwa, nyengo ina amakhala osangalala mopyola muyezo, olankhula osalekeza, omwaza ndalama ndi osamva za munthu. Kwa otere kusagona kukhoza kuutsa mbali yachiwiriyi. Wachibale sangathe kusiyanitsa mitundu iwiriyi ya matenda, koma dokotala wophunzira ntchitoyi amatha.

Chachitatu, matenda akabwerera munthu atalawa mpumulo wa tsiku limodzi, kugwa kwake mumtima kumakhala kowawa, ndipo ena amataya chiyembekezo. M'chipatala pa nthawi yoteroyo pamakhala womuyang'anira. Kunyumba akhoza kukhala ali yekha, anzake atapita kumunda.

Chachinayi, usiku umodzi wokonzedwa ndi dokotala ndi wosiyana kutalitali ndi kusowa tulo kwa miyezi. Kusowa tulo kwa nthawi yaitali sikuchiza, kumadwalitsa. Akatswiri amene anasonkhanitsa zofufuza zambiri mu 2011 anapeza kuti munthu wovutika kupeza tulo ali pa chiopsezo chowirikiza kawiri chodwala matenda a kukhumudwa poyerekeza ndi wogona bwino. Munthu wamkulu amafunika kugona maola 7 kapena kuposerapo. Msodzi wochezera pa madzi ayenera kubweza tulo take masana pa malo abata, ndipo mayi wa khanda ayenera kulandiridwako mwana ndi bambo, agogo kapena alamu kuti naye agoneko.

Kuchiza ndi maginito

Aliyense amene anaonapo dainamo ya njinga waona kale maziko a njira yachiwiriyi. Mu dainamo muli maginito amene amazungulira pafupi ndi waya, ndipo kuzungulirako kumabala magetsi oyatsa nyale. Amene anatulukira zimenezi ndi Michael Faraday wa ku England mu 1831. Mu 1985 a Anthony Barker ndi anzawo a ku Sheffield m'dziko lomwelo anapanga makina okhala ndi nkhata ya waya. Ataika nkhatayo pamutu pa munthu ndi kudutsitsamo magetsi mwadzidzidzi, dzanja la munthuyo linagwedezeka lokha, popanda kumucheka kapena kumubaya. Mphamvu ya maginito inadutsa chigaza, nikadzutsa timagetsi tochepa mu ubongo. Njirayi imadziwika ndi zilembo zitatu zakuti TMS.

Mu 1995 a Mark George ndi anzawo ku America anayesa makinawa pa odwala matenda a kukhumudwa, poloza mbali ya kutsogolo chakumanzere kwa ubongo, imene mwa odwala ambiri imagwira ntchito mofooka. Boma la America linavomereza njirayi mu 2008, ndipo ku Britain bungwe lolangiza za chithandizo cha m'zipatala la NICE linaivomereza mu 2015.

Wodwala amakhala pa mpando ali maso. Nkhata ya waya, yopindidwa ngati nambala 8, imagunditsidwa pamutu. Amamva phokoso la kugogoda ndi kutakasa pakhungu. Akamaliza amadzuka n'kumapita kwawo. Njirayi ndi yosiyana ndi ina yakale yochiza ndi magetsi yotchedwa ECT, imene wodwala amayamba wagonetsedwa ndi mankhwala ndipo imasungidwira matenda aakulu kwambiri. Pa TMS wodwala amabwera masiku 5 pa mlungu kwa milungu 4 mpaka 6, ndiye kuti maulendo 20 mpaka 30. Poyamba ulendo uliwonse unkatenga mphindi zoposa 30, koma kafukufuku wa ku Canada wa mu 2018, wa odwala oposa 400, anaonetsa kuti njira yatsopano ya mphindi 3 imagwira ntchito mofanana. Pa kafukufuku ameneyu pafupifupi theka la odwala anapeza bwino, ndipo pafupifupi mmodzi mwa atatu aliwonse zizindikiro zinatheratu. Zovuta zake kawirikawiri ndi mutu ndi kuwawa kwa pakhungu. Mwa apo ndi apo wodwala akhoza kugwa ngati wa khunyu, choncho amene ali ndi khunyu kapena chitsulo m'mutu amayamba waunikidwa mosamala.

Makinawa ndi othandiza, ndipo sikoyenera kuwanyoza. Koma pali mfundo ziwiri zofunika kuzikumbukira. Yoyamba n'njakuti ngakhale m'maiko olemera amaperekedwa makamaka kwa odwala amene anayesa kale mankhwala akumwa osathandizika. Si poyambira ayi. Yachiwiri n'njakuti ndi okwera mtengo kwambiri, amafuna magetsi osadukaduka ndi anthu ophunzitsidwa, ndipo sapezeka m'zipatala zazing'ono za m'midzi. Kuchokera pa Kachulu kufika mu mzinda wa Zomba pali makilomita pafupifupi 30. Ngakhale makinawa atakhala m'tauni lero, ndi mlimi uti amene angayende ulendo umenewu ka 30, nthawi ya dzinja, kusiya munda ndi ana? Wa ku Chisi angafunikenso kuwonjezapo ndalama ya bwato.

Maginito a pa msika

Pamene pamveka mbiri ya mankhwala atsopano, amalonda achinyengo sachedwa kufika. Pali zibangili, mikanda ndi malamba a maginito amene amati amachiza matenda osiyanasiyana. Palinso timakina tolumikiza ku kompyuta timene munthu amauzidwa kuti agwire m'manja, kenaka n'kumuwerengera mndandanda wa matenda a thupi lonse ndi kumugulitsa mabotolo a mankhwala odula. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Dainamo ya njinga ikuphunzitsanso kanthu pamenepa. Njinga ikaima, nyale imazima, ngakhale maginito akadali momwemo. Maginito ongokhala chete sabala magetsi. Makina a TMS amagwira ntchito chifukwa mphamvu yake, yofanana ndi ya makina akuluakulu ojambulira m'kati mwa thupi otchedwa MRI, imayaka ndi kuzima mofulumira kwambiri pa malo amodzi oyezedwa bwino. Chibangili cha pa mkono kapena maginito ochotsa mu sipika ya wailesi sangachite kanthu kalikonse mu ubongo. Ndalama zogulira zinthu zimenezi zikanagula ufa, kapena kulipira kabaza wopita naye wodwala kuchipatala.

Phunziro lenileni la njira ziwirizi

Ngakhale njira ziwirizi zili kutali ndi gombe la Chilwa, zili ndi phunziro lalikulu kwa anthu a kuno. Ngati kukhumudwa kungachepe chifukwa cha usiku umodzi wosagona, n'kubwereranso chifukwa cha tulo ta ola limodzi, ndipo ngati kungachepe chifukwa cha timagetsi todzutsidwa pa kachigawo kamodzi ka ubongo, ndiye kuti matendawa ali m'thupi, monga momwe shuga ndi kuthamanga kwa magazi zilili m'thupi. Si ulesi, si kulodzedwa, ndipo si kuchepa kwa chikhulupiriro. Mavuto a moyo, monga maliro, ngongole, nkhanza za m'banja ndi matenda okhalitsa, akhoza kuwayambitsa, koma akayamba sachoka pongomuuza munthu kuti "limba mtima".

Mantha a anthu pa matenda a m'maganizo ali ndi mbiri yake. Kuyambira mu 1910, m'nthawi ya atsamunda, odwala misala ankasungidwa m'chigawo china cha ndende ya Zomba, ndipo chipatala chenicheni cha Zomba Mental chinatsegulidwa mu 1953. Mpaka lero mawu akuti "ku Mental" amachititsa manyazi mabanja ambiri. Koma kukhumudwa si misala, ndipo odwala ochuluka sagonekedwa n'komwe. Amathandizidwa akuyendera kuchokera kunyumba kwawo, akulima ndi kusodza monga kale.

Chithandizo chimene chilipo

Chithandizo choyamba ndi uphungu, ndiko kukambirana mwadongosolo ndi munthu wophunzitsidwa. Ena amachipeputsa poti n'kucheza chabe, koma umboni wake unapezeka kwa anansi a ku Zimbabwe. Kumeneko dokotala Dixon Chibanda anaphunzitsa amayi achikulire kukhala pa benchi panja pa chipatala ndi kuthandiza odwala kusanthula mavuto awo limodzi ndi limodzi. Ntchitoyi imatchedwa Friendship Bench. Pa kafukufuku wa mu 2016 mu mzinda wa Harare, patatha miyezi 6, mwa odwala 100 aliwonse amene anakhala pa benchi, 14 okha ndiwo anali ndi zizindikiro za kukhumudwa, pamene mwa amene analandira chithandizo cha nthawi zonse anali 50. Njirayi yayesedwanso m'zipatala zina za kuno ku Malawi. M'boma la Zomba, m'zaka za m'ma 2010, alangizi a zaumoyo ambiri a m'midzi anaphunzitsidwa kuzindikira matenda a m'maganizo ndi kutumiza odwala koyenera.

Chithandizo chachiwiri ndi mankhwala akumwa. Awiri odziwika m'zipatala za boma ndi amitriptyline ndi fluoxetine. Pali zinthu zingapo zimene wodwala ayenera kudziwa. Mankhwalawa sagwira tsiku lomwelo, amatenga milungu 2 mpaka 4, nthawi zina 6. Ambiri amawasiya pa mlungu woyamba poganiza kuti sakugwira, ndipo kumeneko n'kuzula mpunga usanabereke. Munthu akapeza bwino ayenera kupitiriza kumwa kwa miyezi yosachepera 6, ndi kusiya pokhapokha dokotala atanena. Amitriptyline amaumitsa kukamwa ndipo amagonetsa, n'chifukwa chake amamwedwa usiku. Msodzi wopita pa madzi usiku ayenera kumuuza dokotala za ntchito yake, kuti asadzaodzere ali m'bwato. Mankhwala amenewa ndi oopsa akamwedwa ambiri nthawi imodzi, choncho ngati wodwala ali ndi maganizo ofuna kudzipha, wachibale wodalirika ndiye awasunge ndi kumupatsa mlingo wa tsiku limenelo. Mayi woyembekezera kapena woyamwitsa, ndi aliyense amene akumwa mankhwala ena monga ma ARV kapena a khunyu, anene zimenezi poyamba pomwe.

Chithandizo chachitatu chili m'manja mwa banja. Apa ndi pamene nzeru ya madokotala a ku Milan ingagwire ntchito popanda choopsa: wodwala azigona ndi kudzuka nthawi yofanana tsiku ndi tsiku, ndipo m'mawa azituluka panja kukaona dzuwa m'malo modzitsekera m'nyumba ya mdima. Kuwala kumene anzathu a ku Ulaya amakugula ndi nyale zodula, ku Chilwa kumatuluka kwaulere m'mawa uliwonse. Azipatsidwa tintchito tochepa tochitira limodzi ndi anzake, monga kusoka ukonde kapena kupeta mpunga. Kachasu ndi chamba zimaoneka ngati zikuiwalitsa mavuto, koma zimaononga tulo ndi kukulitsa matenda. Mankhwala a mbewu ndi a makoswe achotsedwe m'nyumba imene muli wodwala wotere. Mapemphero a ku tchalitchi ndi a ku mzikiti amalimbikitsa mtima ndipo sayenera kuletsedwa, koma wodwala asakakamizidwe kuchezera pa mapemphero a usiku wonse kapena kutaya mankhwala ake.

Mawu oyenera kunena m'chipinda cha dokotala

Kafukufuku wa pa Matawale akuphunzitsa kuti matendawa amabisala pakati pa wodwala ndi dokotala. Wodwala akhoza kuwaulula ndi mawu ochepa chabe. Atatha kufotokoza za mutu ndi msana, awonjezere kuti: "Adokotala, palinso china. Papita mwezi tsopano ndisakugona bwino, chakudya sichikundikomera, ntchito yandikanika ndipo ndikuganiza kwambiri." Ngati maganizo ofuna kudzipha amamufikira, anene poyera, pakuti dokotala sangamuseke kapena kumudzudzula. Ngati wodwala akulephera kulankhula, womuperekeza anene m'malo mwake: "Amayi angawa asintha chimwalirire bambo. Sakudya, sakugona, ndipo akumanena kuti kuli bwino atangofa." Mawu otere ndi ofunika kuwathamangira tsiku lomwelo, monga momwe anthu amathamangira ndi mwana wokomoka. Kufunsa munthu ngati akuganiza zodzipha sikumupatsa maganizowo, koma kumamutsegulira mpata woti athandizidwe.

Nawo ogwira ntchito m'zipatala ali ndi mbali yawo. Munthu wobwera kachitatu ndi mutu womwewo, malungo osapezeka, ayenera kufunsidwa mafunso awiri: ngati mtima wake wakhala wosakondwa masiku ambiri, ndi ngati zinthu zimene ankazikonda zasiya kumukomera. Mafunso amenewa satenga mphindi ziwiri.

Zoyenera kutsogoza

Tsiku lina makina a TMS adzafunika m'zipatala zazikulu za dziko lino, chifukwa odwala amene mankhwala akumwa sawathandiza alipo kunonso, ndipo nawo ndi oyenera chithandizo. Njira yochiza poletsa tulo nayo, popeza imangofuna chipinda, namwino ndi dzuwa, ndi yoyenera kuti akatswiri a pa Kamuzu University of Health Sciences ndi a pa Zomba Mental aiganizire ndi kuiyesa mwadongosolo pa odwala ogonekedwa. Koma fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Ndalama zogulira makina amodzi zikhoza kuphunzitsa aphungu ambiri, kugula mafuta oti anamwino a matenda a m'maganizo azifika m'zipatala za m'midzi mwezi ndi mwezi, ndi kuonetsetsa kuti amitriptyline ndi fluoxetine sakutha m'mashelefu. Pamene anthu 30 pa 100 aliwonse angadutse pa chipatala matenda awo osadziwika, ntchito yoyamba ndiyo kuwazindikira.

Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mwambiwu ndi woona pa matenda ambiri, koma pa matenda a kukhumudwa umaperewera, chifukwa matendawa amalanda munthu mphamvu yomwe ija yotsekulira chitseko, namunamiza kuti palibe chimene chingamuthandize. Choncho udindo ukugwera mkazi wake, mwamuna wake, mwana wake, mnzake wa m'bwato, mkulu wa mpingo, shehe ndi nyakwawa. Amene waona kuti m'bale wake wasiya kudya, wasiya kucheza ndipo amakhala maso usiku wonse, asamugulire chibangili ndipo asamuchezetse usiku. Amuuze mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzimo, atenge buku la kuchipatala, amuperekeze yekha, ndipo akalowe naye limodzi m'chipinda cha dokotala.